Adiresi ya a Ndandanda

Ndinali chiimire pampando, waya wa kabokosi ka intaneti uli m'manja, ndikuwerenga mpaka makumi atatu monga anandilamulira Tsabola. Nditafika pa khumi ndi zisanu ndinasokoneza dala n'kubwerera pa zinayi, kuti mwina mwanayo aseke. Sanaseke.

"Azakhali, lero lokha ndisiyeni," anatero, maso ali pa laputopu.

Ndinabwezera wayawo. Timagetsi ta kabokosiko tinayamba kuphethira kamodzikamodzi, tofiira kenako tobiriwira, ine n'kutsika pampandopo bondo likulira. Kanali kachitatu m'mawa umenewo. Laputopuyo inali yatsopano, ya dzulo lake, pulasitiki isanamatulidwe n'komwe. Dzina la intaneti ya m'nyumba mwathu inkaliona, mawu achinsinsi inkawalandira, koma ikatero inkangozungulitsa kamkombero mpaka kutopa, n'kunena kuti intaneti kulibe. Pamenepo foni ya Tsabola inali pambali pake pomwepo, ikulandira mauthenga ngati palibe chimene chalakwika.

Inali 10 koloko. Pa 2 koloko masana anali ndi intavyu ya pakanema ndi anthu a chipatala china chachikulu, amene ankafuna munthu wosunga mankhwala, ndipo anali atamuuziratu kuti pafoni ayi chifukwa padzakhala zolemba. Ndinamufunsa ngati laputopuyo singabwereke intaneti ya m'foni mwakemo. Anandikumbutsa kuti m'nyumba mwathu, ya makoma onenepa ngati ndende, netiweki ya foni imagwira pazenera la kubafa pokha, ndiye sangafunsire ntchito atakhala pachimbudzi. Ndinati bwanji, ndi mmene aonere kuti ndiwe waukhondo. Apanso sanaseke.

Tsabola ndi mwana wa malemu achimwene anga. Mayi ake anatisiya iye ali ndi zaka zinayi, ine n'kubwera kudzathandiza kwa mwezi umodzi. Mwezi womwewo sunathebe mpaka lero. Dzina lakelo ndinamupatsa ndine, chifukwa kuyambira ali kamwana ukamulawa molakwika umatuluka misozi. Ine bambo ake ankanditchula kuti Pakamwa, ndipo chifukwa chake muchiona nokha. Iwowo ndinawabwezera kuti a Ndandanda. Munthuyo ankalemba chilichonse m'kabuku kobiriwira: tsiku losinthira babu, tsiku limene mphaka anabwera, tsiku limene mphakayo anasowa. Ntchito yawo inali yokonza mafani, masimbi ndi mawailesi m'kashopu kuseri kwa msika, ndipo kabokosi ka intaneti anakakhoma okha pamwamba pa chitseko cha pabalaza, kutali ndi manja anga.

Chikhomereni kabokosiko, palibe mlendo amene foni yake inalowapo. Timupatse mawu achinsinsi, alembe bwinobwino, zikanike basi. Achimwene ali moyo ankangomwetulira. Atamwalira, ine ndi amene ndinkafotokozera alendo kuti musavutike, a Ndandanda sanakulembeni m'buku, ndipo panopa ofesi yawo ili kutali. Anthu ankaseka. Ine ndinkaseka kuposa onse, mokweza, chifukwa m'chipinda changa, kuseri kwa wadiropu, munali chitini cha mabatani, ndipo m'chitinimo munali foni ya achimwene imene aliyense ankadziwa kuti inatayika.

Ndinene msanga mmene inafikira mmenemo, chifukwa ndikazengereza ndiyamba nthabwala.

Ine ndi achimwene tinkabisirana zinthu kuyambira tili ana. Sabata imeneyo iwo anali atandibisira mapatapata mufiriji, ndipo ndinayenda tsiku lonse ndi nsapato za ukwati. Ndiye m'mawa wa tsiku lija, ali kubafa, ndinatenga foni yawo patebulo n'kuikwirira m'mabatani. Anaifuna pansi pa makhushoni, anaifuna m'thumba la jekete, ine ndikupukuta kapu imodzi yomweyo, nkhope ngati ya munthu wopemphera. Potsiriza anaima pakhomo n'kundiloza ndi kiyi.

"Pakamwa, ndikudziwa ndiwe. Ndikabwera ndiipeze patebulo."

Linali tsiku limene mashopu ena onse pamzere wawo amakhala otseka. Iwo anangopita kukamaliza fani ya munthu. Chakumasana chitini chinayamba kulira. Foni ikamanjenjemera m'mabatani imamveka ngati mano a munthu wozizidwa. Ndinaseka ndekha, poganiza kuti ndi iwowo abwereka foni kuti andigwire. Kenaka inalira yanga. Anali Tsabola, ali kuntchito: bambo sakuyankha, ndipo mapiritsi awo a mtima waona kuti sanamwe m'mawa. Ndikananena kuti foni ili kuno, akanathamangira kushopuko. Koma ndinaopa lilime lake, komanso sindinafune kuononga masewera anga. Ndinati asiye, ukuwadziwa bambo ako akagwira waya samva.

Tsabola anakawapeza yekha 5 koloko, ataweruka. Anali pansi, pafupi ndi chitseko, dzanja lamanja lili m'thumba la malaya, la pachifuwa. Aliyense pamaliro ankati anagwira mtima. Ine ndekha ndinkadziwa chimene chinkakhala m'thumba limenelo.

Tsiku loyamba sindinathe kunena. Lachitatu anthu anagwirizana kuti foni inagwa panjira kapena wina anaitola. Patatha sabata, chinthucho chinali chitauma kukhosi kwanga ngati fupa, chosatsika, chosatuluka. Pofika tsiku la intavyu chinali chitakhala pamenepo chaka ndi miyezi isanu ndi itatu.

Cha m'ma 11 Tsabola anaimbira mayi wina wokonza makompyuta, wa shopu ya pakona. Anabwera wapansi, chikwama kumsana, magalasi atawakankhira pamutu, chingwe chabuluu chili m'khosi ngati mkanda. Anali wamsinkhu wapakati, wosafulumira, wa manja aang'ono olimba. Ndinamulandira pakhomo kuti lowani a Namawaya, wodwala ali pabalaza, koma woyang'anira wodwalayo ndi amene watentha thupi. Mayiyo anaseka. Ndinamukonda pomwepo.

Anayamba ndi mafunso, ngati kuchipatala. Mwazimitsa kabokosi? Katatu. Foni zikugwira? Zikugwira. Laputopuyi inagwirapo kwina? Kushopu kumene anaigula inagwira. Anagwedeza mutu, natsitsa magalasi, n'kutsegula kawindo kakuda bii pa laputopupo. Analemba mawu amodzi, zilembo zoyera n'kukhuthuka. Anayendetsa chala mpaka pamzere wina, natenga envelopu yakale patebulo n'kukoperapo manambala. Envelopuyo ndikadali nayo, n'chifukwa chake ndikuwakumbukira, ine amene sukulu ndinaisiyira pomwe zilembo zinayamba kulumikizana: 169.254, kenako ena awiri.

Ndinafunsa ngati imeneyo ndi nambala yamwayi.

"Ndi nambala ya wosowa kwawo, mayi," anatero. "Makina aliwonse akalowa m'nyumba amayamba agogoda kwa kabokosi ako: ndabwera, ndipatseni adiresi. Kabokosi kamawapatsa nambala. Popanda nambalayo, uthenga ukachokera kunja sudziwa khomo loti ufikire. Ndiye makina akagogoda osayankhidwa, amadzipatsa okha nambala yoyamba ndi 169.254. Zili ngati kulemba nambala pachitseko chimene kulibe msewu wopitako."

Ndinati ndiye ndi mwana wamasiye wodzitcha yekha dzina. Mayiyo anati ndendende. Tsabola anayang'ana wotchi.

Koma ine mawu akuti uthenga sudziwa khomo loti ufikire anali atandilowa pena pake.

Paja sindinakuuzeni chifukwa chimene foniyo inalibe kufa. Poyamba ndinkaitchaja chifukwa cha mantha chabe. Ndinkaona ngati ikazima ndiye kuti ndawapha kachiwiri. Kuitsegula sindinkatha, manambala ake achinsinsi sindinkawadziwa. Tsabola akapita kuntchito ndinkaitulutsa, kuilumikiza ku tchaja yanga, kuipukuta ndi nsalu, n'kuibwezera. Ndiye m'mwezi wachiwiri, tsiku lina m'mawa dzuwa likuwala bwinobwino, ndikusita, chitini chinanjenjemera kamodzi. Simbi inandigwa. Nditapeza mphamvu yotsegula chitinicho, pagalasi panali dzina limene ndimatha kuliwerenga ngakhale nditatseka diso limodzi: Tsabola. Mwanayo ankalembera bambo ake.

Kuyambira pamenepo mauthenga ankabwera kawiri kapena katatu pasabata, nthawi imene iye amakhala m'basi kapena popuma masana. Mawu ake ndinkawaphimba ndi chala, sanali anga. Koma ndinkadziwa kuti pafoni pake pamaoneka kachizindikiro kosonyeza kuti uthenga wafika, chifukwa anandionetsapo pa mauthenga anga. Ndiye ndikanaizimitsa bwanji? Magetsi akathima nthawi yaitali ndinkayenda nayo m'chikwama mpaka kumene ayaka. Ine, amene ndimaiwala mphika pamoto, sindinaphonyepo tsiku.

A Namawaya analembanso mawu ena m'kawindo kakuda kaja, akufotokoza kuti akuiuza laputopu itaye nambala yabodzayo ipemphenso mwaulemu. Tinadikira. Kamzere koyera kankangophethira. Patapita nthawi panabwera mawu, ndipo mayiyo anati wopereka maadiresi sanayankhe. Anachotsa chingwe chabuluu m'khosi, nakwera pampando wanga uja, n'kulumikiza laputopu ndi kabokosi mwachindunji. Anapemphanso. Chimodzimodzi.

Anati basi wadziwa: vuto si mphepo, si waya, si laputopu. M'kabokosimo muli mlembi, ndipo mlembiyo akukana kulemba mlendo.

Ndinayang'ana Tsabola, Tsabola n'kundiyang'ana. Kanali koyamba tsiku limenelo kuti milomo yake ifune kumwetulira.

Mayiyo anati choyamba tipulumutse intavyu. Anatenga foni ya Tsabola n'kuona nambala imene inapatsidwa, kenako pa laputopu analemba pamanja nambala yoyandikana nayo, imene anati ilibe mwini. Anatsegula tsamba. Linabwera lonse nthawi imodzi, zithunzi ndi zonse. Tsabola anagwira kumaso ndi manja awiri n'kupuma ngati munthu wotula katundu. Inali 12 koloko itangodutsa.

Zikanathera pamenepo. Nthawi zambiri ndimaganiza kuti ndikanangoimirira n'kunena kuti zikomo a Namawaya, tiyi uyu, njira iyo, mwina bwenzi chitini chikadali kuseri kwa wadiropu. Koma mayiyo anali wa anthu osakonda chigamba. Anati nambala yolemba pamanjayo idzamuvutitsa akapita ndi laputopu kwina, bwino alowe m'kabokosimo aone chimene mlembiyo akukanira. Ndipo amene anavomera mokweza ndine. Ndinkafuna kuona a Ndandanda akugonja.

Mawu achinsinsi olembedwa pansi pa kabokosi anakana, wina anawasintha. Tsabola anapita kukatenga kabuku kobiriwira kaja m'dirowa ya bambo ake. Anakatsegula mosamala ngati katha kung'ambika ndi mpweya, napeza tsamba lolembedwa kuti Intaneti, natula mzere. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni, kumene ndinali nditakufuna kuyambira m'mawa. Anandiwerengera: mawu achinsinsiwo anali akuti pakamwaasadziwe.

Ndinati mwaona, mfiti ya munthu, mpaka kumanda akundinena. Tinaseka tonse atatu.

Pa laputopu panabwera tsamba loyera la mizere. Mayiyo anaomba m'manja kamodzi, pang'onopang'ono. Anati kabokosi kotere kamatha kupereka maadiresi oposa mazana awiri, koma mwini wake anakauza kuti kazipereka anayi okha, ndipo iliyonse anaimangirira ku chipangizo chake ndi dzina lake, kuti aneba asamamwe nawo intaneti. Wachisanu akagogoda, palibe chomupatsa.

Ndinasendera pafupi kuti ndidzione. Mzere woyamba unali Pakamwa, kadontho kobiriwira pambali. Ndinanyada kuti andiika poyamba. Wachiwiri Tsabola, kobiriwira. Wachitatu Kanema, kadontho kotuwa, ndipo mayiyo anati n'chifukwa chakuti kanemayo ndi wozimitsa. Wachinayi sindinafunike kuwerenga chilembo chilichonse. Ndinauzindikira ndi kutalika kwake.

Kadontho kake kanali kobiriwira.

"A Ndandandawa ali kuchipinda?" anafunsa mayiyo, akulembalemba. "Mwina angafune kuti ndiwauze ndisanasinthe zinthu zawo."

Firiji inalira kukhitchini n'kusiya. Kenaka Tsabola ananena, ndi mawu osalala ngati a munthu wowerenga chikalata, kuti bambo ake anamwalira chaka chathachi, ndipo foni yawo inatayika tsiku lomwelo.

Mayiyo anavula magalasi. Anapepesa, n'kunena kuti timabokosi timeneti nthawi zina timaiwala kusintha kadontho, asade nkhawa, ayese kuiitana aone. Ndinafuna kunena kanthu. Ndinali ndi nthabwala itafika kale pamlomo, yakuti kumwambako netiweki ndi yabwino kuposa kubafa kwathu, koma lilime linakana kunyamuka. Mayiyo anabwerera m'kawindo kakuda, nalemba mawu afupi ndi nambala yachinayi ija, nadina.

Mzere woyera unatuluka. Kenako wina. Kenako wina. Kenako wachinayi.

"Yayankha," anatero motsitsa. "Kanayi konse."

"Kuchokera kuti?" anafunsa Tsabola.

"Kabokosi aka mphamvu yake sidutsa mpanda wanuwo, mwanawe. Ili m'nyumba muno."

Ndinayang'ana Tsabola. M'mawa umenewo ndinali nditamuluka ndekha, mizere yopita kumbuyo, yothina kuti aoneke munthu wodalirika, ndipo tsopano khungu la pamphumi pake linali litakokeka, maso ali aakulu ngati ali ndi zaka zinayi. Analankhula osayang'ana aliyense. Anati miyezi yonseyi wakhala akuganiza kuti ndi wakuba amene ali nayo, ndipo analibe nazo ntchito, bola mauthenga azifika. Masiku ena ankaganiza kuti si wakuba. Masiku amenewo sankauza munthu, kuopa kuti amutenga ngati wamisala.

Anatenga foni yake. Ndinaona chala chake chikutsika pamndandanda wa mayina, chikuima. Mauthenga ankalemba, koma chimwalirireni bambo ake kuimba anali asanayesepo; ndikudziwa chifukwa chitini chikananena. Anadina, naika foniyo patebulo.

Nyumba yathu si yaikulu. Kuchoka pabalaza pali kakhonde ka masitepe asanu ndi limodzi, bafa kumanzere, chipinda changa kumapeto. Chitseko ndinali nditachisiya chotsegula. Kwa kanthawi sikunamveke kanthu, ndipo ndinapempha mumtima, ine amene sindipempha kawirikawiri, kuti batire likhale litatha. Koma ndinali nditaitchaja m'mawa womwewo, iye ali kubafa.

Mabatani anayamba kulira.

A Namawaya anaimirira n'kubwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Tsabola sanasunthe. Phokosolo linkabwera, kusiya, kubweranso, mano a munthu wozizidwa, m'nyumba yowala dzuwa la masana. Ndinaganiza zonena kuti ndi makoswe. Ndinaganiza zonena kuti ndinaipeza dzulo posesa. Bodza limenelo likanagwira. Ndanenapo aakulu kuposa pamenepo anthu n'kundiombera m'manja. Koma ndinamva mawu a achimwene pakhomo paja, kiyi ili m'manja, ndipo miyendo inanyamuka yokha.

Ndinabwera nacho chitini chonse chikulirabe m'manja mwanga. Ndinachitsegula pamaso pawo, n'kufukula mabatani, n'kuitulutsa. Pagalasi panali nkhope ya Tsabola ali wamng'ono, wopanda mano akutsogolo. Ndinaiika patebulo.

Ndinanena zonse nditaimirira. Za mapatapata mufiriji, za kapu imene ndinkapukuta, za mawu omaliza a bambo ake. Sindinakometse, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kufotokoza nkhani popanda kuwonjezera mchere. Nditafika pa thumba la malaya mawu anandithera, ndipo ndinangoloza pachifuwa panga.

Tsabola anadula foni yake. Ya bambo ake inaleka kunjenjemera patebulo.

"Ndinaimba kasanu ndi kawiri tsiku lija," anatero.

"Ndinamva."

"Kenako ndinaimbira inu."

"Unandiimbira."

"Munati akagwira waya samva."

"Ndinatero, mwanangu."

Ndinkayembekeza tsabola weniweni, kukalipa kumene kumagwetsa zithunzi pakhoma, ndipo ndinkakufuna. Sikunabwere. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali osaigwira. Anafunsa ngati ndinawerengapo zimene ankalemba. Ndinati ayi, ndinkaphimba ndi chala, komanso amandidziwa ndi kuwerenga kwanga. Anafunsa chifukwa chimene sindinaitayire m'chimbudzi n'kupumula. Ndinati ukanalembera ndani. Apo anatseka maso.

Atawatsegula anayang'ana wotchi. Inali 1 koloko ndi theka. Anapita kubafa, tinamva madzi, anatuluka atavala bulauzi yoyera imene ndinamusitira dzulo lake. Ananyamula laputopu n'kulowa m'chipinda chake, natseka chitseko mosamenyetsa. Kusamenyetsako ndi kumene kunandiopsa.

Ine ndi a Namawaya tinakhala kukhitchini. Akanatha kupita, koma anati ntchito sanamalize. Ndinawathirira tiyi, iwo n'kugwira kapu ndi manja awiri osamwa. Kudzera m'khoma tinkamva mawu a Tsabola akuyankha mafunso, okhazikika, aulemu, nthawi ina mpaka kuseka pang'ono, kuseka kwa pantchito. Ndinayesa kunena kuti mwaona, lero mwaitanidwa kudzakonza makina mwapeza maliro. Mayiyo sanaseke. Anati nayenso bambo womubereka anapita ndi mtima, ali pakati pa anthu, foni ziwiri zili m'thumba, galimoto ili pakhomo, ndipo sizinathandize. Ndinati zikomo. Anati sakunena kuti zikanakhala chimodzimodzi, akungonena kuti sitidziwa. Ndinati ndi chimenecho chimene chimandidya, kusadziwako.

Itakwana 3 koloko chitseko chinatseguka. Tsabola anabwera pabalaza ndi laputopu, naipereka kwa mayiyo, nati amalize. Za intavyu sananene, ine sindinafunse. Mayiyo anafotokoza kuti njira zilipo ziwiri: afufute mzere wachinayi laputopu itenge malowo, kapena auze kabokosi kuti kazipereka maadiresi ambiri. Anafunsa mofatsa, akuyang'ana pansi.

"Musafufute," anatero Tsabola. "Onjezerani."

Mayiyo anasintha nambala imodzi, nachotsa ija analemba pamanja, n'kuiuza laputopu ipemphenso. Ulendo uno yankho linabwera asanachotse chala. Pansi pa a Ndandanda panaoneka mzere wachisanu, wa zilembo ndi manambala osamveka, dzina la kufakitale. Anafunsa ngati aulembe dzina. Tsabola anati ausiye choncho kaye. Anaperekeza mayiyo mpaka pageti, nabwerera, nandidutsa pakhonde ngati ndine mpando, n'kudzitsekeranso.

Ndinatsala ndekha pabalaza. Dzuwa linali litapendeka, likulowa pazenera n'kugwera patebulo pamene panali chitini chotsegula, mabatani atamwazika, ndi foni ija. Ndinayamba kutola mabataniwo limodzilimodzi. Ndinaganiza za chikwama changa chimene ndinabwera nacho kudzakhala mwezi umodzi, ngati zipi yake ikadagwirabe. Ndinaganiza za mng'ono wanga wa kutali, amene ali ndi kachipinda kosungira njinga. Sindinayatse wailesi. M'chipinda cha Tsabola simunkamveka kulira kapena kuyenda, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa zenera unafika pamphepete mwa tebulo.

Foni inanjenjemera. Pathabwa, popanda mabatani, inamveka mosiyana, ngati munthu wokonza kukhosi asanalankhule.

Chala changa chinapita chokha kukaphimba mawuwo monga mwa masiku onse. Koma chisanafike ndinaona pakati pawo dzina limene linandiimitsa, langa. Ndinatenga magalasi, ndinasendeza mpando kuwindo, n'kuyamba kugwira chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda, monga ankandisekera achimwene. Zinanditengera nthawi imene munthu wina akanawerenga tsamba lonse.

Ababa, muwauze a Pakamwa kuti sindinawakhululukire. Koma anandiluka mothina, mutu ukundipweteka. Abwere adzandimasule.

Ndinawerenganso kachiwiri, kuopa kuti mwina ndawonjezera mchere. Mawu anali omwewo.

Chipeso chinali pamwamba pa kanema pamene ndinachisiya m'mawa. Ndinachitenga. Pamwamba pa chitseko timagetsi ta kabokosi tinkaphethira tokha, tobiriwira, ngati munthu akuwerenga anthu a m'nyumba mwake. Ndisanalowe m'khonde ndinabwerera, ndinapukuta galasi la foniyo ndi nsonga ya nsalu yanga, n'kuiika pakati penipeni pa tebulo, poonekera, pamene munthu wolowa pakhomo angaione asanavule nsapato.